Kodi M'mbiyamo Mwathiramo Chiyani?

Pa Tsangano Turn-off malonda sabisika. Basi ikaima pamsewu wa M1, amayi amathamangira kumazenera ndi mabeseni a mbatatesi, kabichi, anyezi, karoti ndi tomato, ndipo wogula amatola mbatatesi imodzi, kuitembenuza, kuikanda ndi chikhadabo, n'kuibweza ngati ili ndi bala. Wogulitsa angakukwezereni mtengo, angakuikireni zikuluzikulu pamwamba n'kubisa zing'onozing'ono pansi, koma sangakugulitseni chinthu chimene simukuchidziwa. Maso anu ndiwo mboni.

Koma kwerani mapiri, lowani m'midzi ya kwa Inkosi Mpando kumene mbatatesiyo imakumbidwa, kudziko lozizira lija lomwe ngakhale tirigu amalola. Kumeneko, monganso m'madera ambiri a dziko lino, kuli malonda ena amene maso sangawaweruze. Ali mumgolo wovundikira kuseri kwa nyumba. Ali m'kabotolo kopanda dzina kotuluka m'thumba la jekete. Ali m'chigubu chimene chadutsa malire usiku pa njinga yamoto. Ndiye ndikufunsa, ndipo ndikufunsa ndi mtima wosweka: dera limene limadyetsa Blantyre ndi Lilongwe chakudya chooneka ndi maso, ana ake likuwamwetsa chiyani? M'mbiyamo mwathiramo chiyani?

Kale funso limeneli linalibe ntchito, chifukwa mudzi wonse unkadziwa yankho lake. Mowa wa masese sunali chinsinsi cha munthu mmodzi. Chimanga kapena mawere ankaviika anthu akuona, ankavundikira mpaka zitamera, ankayanika pamphasa pabwalo nkhuku zikuthamangitsidwa ndi ana, ankasinja chimera mumtondo umene kulira kwake kunkamveka mpaka kutsidya. Tsiku lophika phala amayi oyandikana nawo ankabwera ndi nkhuni ndi mitsuko ya madzi. Ana ankapatsidwa thobwa lawo lisanasase, ndipo akuluakulu ankadikira. Ankadikira ndithu, masiku angapo, chifukwa mowa uli ndi nthawi yake yopsera, ndipo kuzizira kwa Tsangano sikufulumiza kanthu. Madzi, ufa, chimera, moto ndi kudikira: zothira zinali zimenezo basi, ndipo chachisanucho ndi chimene ife tachitaya poyamba.

Mowawo unalinso ndi chifukwa. Sunkafululidwa poti kwacha. Unkafululidwa poti pali dima ndipo munda wa mayi wamasiye uyenera kulimidwa mvula isanagwe. Unkafululidwa poti pali ukwati, amayi avine msindo ndipo abambo agwedeze nthaka ndi ngoma. Unkafululidwa poti maliro atha ndipo olira ayenera kumasulidwa, kapena poti mabanja awiri okangana agwirana chanza pamaso pa mfumu. Mpaka lero, Angoni a Maseko akasonkhana pa Umhlangano kwa Nkolimbo, pamene pagona Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, masese amakhalapo mwaulemu ngati mbali ya mwambo. Mowa unkabwera ntchito itagwiridwa, ndipo unkamwedwa anthu atakhala pansi, wamkulu pamalo pake, mlendo pamalo pake, mwana kutali.

Ndipo panali mwambo umodzi umene ndikaukumbukira ndimalira. Mbiya ikafika pabwalo, mwini mowa ankatunga chipanda choyamba n'kumwa yekha, anthu onse akuyang'ana. Sankalankhula zambiri. Kumwa kwakeko ndiko kunali kulumbira: chimene ndikukupatsani, ine ndayamba kuchiika m'mimba mwanga, ngati muli imfa, iyambe ndi ine. Kodi pali chidindo cha boma choposa pamenepo? Kodi pali chikalata cha akatswiri chimene chingafanane ndi mayi wokweza chipanda pamaso pa apongozi ake? Mowa unali ndi dzina, ndipo dzinalo linali la munthu. Anthu ankati tikupita ku mowa wa a Nangozo, tikupita ku mowa wa a Najere, ndipo mayiyo ankadziwa kuti mowa ukaipa, laipa ndi dzina lake, laipa ndi mfunda wake, ndipo mawa akakumana ndi anthu omwewo pachitsime.

Sindikunena kuti makolo athu anali angelo. Zidakwa zinalipo, ndewu zinalipo, ndipo akazi ambiri analira chifukwa cha chipanda chomwecho. Kachasu nayenso si wa dzulo. Koma chidakwa chinkatchedwa chidakwa, ndipo wothira choipa m'mowa ankatchedwa mfiti. Tchimo linali ndi dzina lake loona, ndipo wolichita ankayenda chowerama.

Wina adzati: nanga kuyesa zatsopano n'kulakwa? Ayi, si kulakwa. Anthu akhala akuthira zachilendo m'mowa kuyambira kalekale. M'chigwa cha Zambezi ndi ku Tete amatcheza kachasu wa masau, ndipo palibe amadabwa. Ku Belgium amaviika zipatso za cherry m'mowa kwa miyezi, n'kutuluka chakumwa chofiira chimene amachinyadira. Ku Britain ndi ku Ireland kuli mowa wakuda umene ena amauphika ndi nkhono za m'nyanja. Ku America achinyamata ofulula m'mafakitale ang'onoang'ono amathira khofi, chokoleti, maungu, tsabola, ngakhale nyama yankhumba. Ku Iceland, mu 2015, kampani ina yaing'ono inatulutsa mowa wophikidwa ndi ziwalo zachimuna za namgumi zowambidwa pa utsi wa ndowe za nkhosa. Ine sindingaulawe, ndipo ndikuganiza kuti ambiri mwa anthuwa akusewera ndi chakudya chifukwa chokhuta. Koma pafupi pomwepa, ku Mozambique, mu 2011 anayamba kufulula mowa wa Impala kuchokera ku chinangwa cha alimi a ku Nampula, ndipo mlimi anapeza msika. Mnyamata wa ku Tsangano ataganiza zoyesa chakumwa cha mbatatesi zotsala kapena cha mapichesi amene amawolera pansi pa mitengo, n'kuchita zimenezo poyera, motsata malamulo, ndani angamuponye mwala?

Kusiyana kwake ndi uku, ndipo n'kwakukulu. Wa ku Iceland uja amalemba namgumi wakeyo pabotolo, amalengeza, amadzitama naye, ndipo womwa amasankha akudziwa. Ku Bavaria, mu 1516, olamulira anakhazikitsa lamulo loti mowa ukhale wa madzi, balere ndi hops basi. Zifukwa zinali zingapo, koma chimodzi chinali choti munthu adziwe chimene akumeza. Azungu anachilemba papepala, makolo athu anachisunga m'chipanda choyamba, koma mfundo inali imodzi: usamwetse mnzako chimene sungachitchule pamaso pake. Kuyesa kwa poyera ndi luso. Kuyesa kwa mumdima, pa thupi la munthu wina amene sanavomere, ndi kupha kumene kwangochedwa kufika.

Tsono ife tikuthira chiyani? Kwa zaka zambiri nyuzipepala ndi mawailesi a dziko lino akhala akunena zinthu zimene munthu sangazimve osagwira pakamwa. Akuti ena amathira fetereza m'madeya ndi shuga kuti ziwire msanga, za mlungu wathunthu zipse m'masiku ochepa. Fetereza, amene mlimi amamugonera pamzere, amene timamulirira chaka ndi chaka kuti wakwera mtengo, amene analengedwera muzu wa mbatatesi, lero akulowa m'mimba mwa wolima mbatatesiyo! Akuti ena amaponyamo mabatire. Akuti ena amasungunula spiriti wa m'mafakitale ndi madzi n'kumutcha mowa. Nanga chimanga chija chimene mayi wachitaya posankha, chakuda, chomera chuku, chimene sangayerekeze kuphikira ana ake nsima? Chimenecho ndiye amati chisungeni, chikhala cha mowa. Tsangano si chilumba, abale. Msewu umene umatsitsa matumba a mbatatesi ndi womwewo umene umakweza nzeru zoterezi, ndipo ndalama za kukolola zikalowa m'midzi, ogulitsa imfa amadziwa kumene ziliko.

Koma chimene chimandidula mawondo ndi nkhani ya ma ARV. Zakhala zikumveka kuti ena amaphwanyira mapiritsi amenewa m'kachasu kuti akhale waukali, monganso ena amadyetsera nkhumba kuti zinenepe. Kodi taiwala msanga chotere? Taiwala zaka zija pamene mapulanga a mabokosi ankasowa, pamene agogo ankalera zidzukulu khumi m'nyumba imodzi, pamene kumanda kunkapitidwa m'mawa ndi masana? Mankhwalawa anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo anadzutsa anthu amene tinali titawalira kale. Mankhwala odzutsa akufa, ife tawasandutsa chogwetsera amoyo. Wogulitsa mapiritsi ake wadzipha yekha, wowagula akupha anzake, ndipo onse awiri Lamulungu ali m'kwaya. Ndi mtima wotani umenewu? Unabadwira kuti? Unaleredwa ndi yani?

Mverani maina amene tapatsa zakumwa zathu. Makolo ankatchula mowa ndi dzina la woufulula. Ife timautchula ndi dzina la chimene udzatichite. Timati mkalabongo, ndipo timaseka. Timati Ambuye ntengeni, ndipo timaseka. Mu 2024 Ambuye anawatengadi: anthu angapo mumzinda wa Blantyre anamwalira m'masiku ochepa atamwa chakumwa chotchedwa dzina limeneli, ena anagonekedwa ku Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo dziko linadzidzimuka kwa mlungu umodzi n'kubwerera ku nthabwala zake. Madokotala amachidziwa bwino chiphe chimene chimapezeka kawirikawiri m'zakumwa zotere. Dzina lake ndi methanol. Ndi woyera ngati madzi, fungo lake silisiyana kwenikweni ndi la kachasu wamba, ndipo sagwetsa munthu nthawi yomweyo. Womwa amapita kukagona akuyesa kuti ndi matsire chabe. Patapita maola ambiri thupi limakhala litasandutsa methanol uja kukhala asidi woononga mitsempha ya maso: mutu umawawa, munthu amasanza, amaona chifunga dzuwa likuswa mtengo, kenako mdima. Wina amapulumuka ali wakhungu, wina sadzukanso. Mtundu umene umapereka dzina lanthabwala kwa chinthu chotere, n'kumachiitanitsa ndi pakamwa pake pomwe, mtundu umenewo wadwala penapake pamene dokotala sangafikepo.

Za chimanga chowola zija, musaziyese nthano. Akatswiri a m'dziko momwe muno, mmodzi mwa iwo Limbikani Matumba wa ku LUANAR, anapima chimera ndi mowa wamasese wa m'midzi ya ku Malawi n'kupezamo ziphe zochokera ku chuku, zimene amazitcha aflatoxin ndi fumonisin. Moto wa pansi pa mbiya suzithetsa. Aflatoxin amadya chiwindi mwakachetechete, chaka ndi chaka, mpaka tsiku limene bambo wa zaka makumi anayi watupa mimba ndipo abale akuyamba kuyang'ana nkhalamba yoti aiimbe mlandu wa ufiti. Nkhalambayo idzathamangitsidwa m'mudzi, nyumba yake idzatenthedwa, koma dengu la chimanga chachuku lidzakhalabe pakhonde kudikira mowa wotsatira.

Ndipo tiyeni tikumbukire Chitima. Tsangano wa ku Malawi ali ndi mnzake, Tsangano wa ku Mozambique, m'chigawo cha Tete. Anthu ake ndi amodzi, amakwatirana, amalira maliro amodzi. M'chigawo chomwecho cha Tete, ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, mu Januwale 2015 anthu ochokera kumaliro anamwa pombe, mowa wa ufa wa chimanga wosasiyana kwenikweni ndi masese athu. Anthu 75 anamwalira, ndipo oposa 200 anadwala. Mphekesera inauluka nthawi yomweyo kuti wina wathiramo ndulu ya ng'ona, ndipo anthu ambiri anaimva n'kuikhulupirira. Patapita miyezi yambiri, akatswiri atapima, anapeza kuti munalibe ndulu ya ng'ona. Munali chiphe chotchedwa bongkrekic acid, chopangidwa ndi tizilombo timene tinamera mu ufa woonongeka. Mayi amene anafulula mowawo anali mmodzi mwa akufa. Sanabise kanthu, anamwa chimene anamwetsa anzake.

Ndimaima nthawi yaitali pa nkhani imeneyi, chifukwa ikutitsutsa kawiri. Ikutitsutsa poyamba chifukwa cha chizolowezi chathu choti chosayenera mumphika wa nsima n'choyenera m'mbiya ya mowa, ngati kuti womwa ali ndi chiwindi china chapadera. Ikutitsutsanso chifukwa cha liwiro limene tinakhulupirira nalo za ndulu ya ng'ona. N'chifukwa chiyani tinavomera msanga kuti munthu angaphe mudzi wonse pamaliro? Chifukwa tikudziwana. Chifukwa aliyense wa ife wamvapo, waonapo, kapena wakhalapo chete pa chinthu china chothiridwa mumdima. Mayi wa ku Chitima anafa wosalakwa mumtima. Nanga amene akuthira akudziwa, amene sangalole mwana wake kulawa ngakhale dontho la chimene akugulitsa, adzayankha chiyani?

Musaganize kuti ndikulondalonda amayi osauka okha. Umbombo suona mphawi kapena wolemera. Mumzinda wa Quebec, ku Canada, cha m'ma 1965 fakitale yaikulu ya mowa inkathira mankhwala a cobalt kuti thovu lizikhalitsa m'tambula, ndipo amuna pafupifupi 20 anafa ndi matenda a mtima. Anafera thovu. Ndipo kuno kwathu si amayi a m'midzi amene anabweretsa timasacheti tija timene ana asukulu ankatiika m'thumba la yunifomu. Anali makampani okhala ndi ziphaso, maofesi ndi maloya.

Ndikudziwanso chimene mayi wotcheza kachasu adzandiyankhe. Adzati: bambo, shuga wakwera, nkhuni zasowa, mwana wathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, mwamuna anapita ku Joni ndipo foni yake sikugwiranso; ndikapanda kufulumiza mgolo uwu tidya chiyani? Ndikumva, mayi, ndipo umphawi wanu si nthabwala. Koma agogo anu anali osauka kuposa inu. Analibe nsapato, analibe malata, anadutsa njala ya 1949, koma sanathire imfa m'mbiya. Umphawi umafotokoza chiyeso, sufufuta magazi. Mnyamata amene wagwa m'ngalande uyo nayenso ali ndi mayi ake, ndipo nawonso ndi osauka ngati inu nomwe.

Nanga inu achimwene omwa, mudzabisala kuti? Si inu amene mumanyoza masese kuti ndi phala la nkhalamba, odzaza mimba osafika kumutu? Si inu amene mumafunsa kuti wogwetsa ali kuti, n'kudutsa khomo la mayi woona mtima kupita kumene botolo limodzi limathetsa nzeru? Mwasenza matumba a mbatatesi tsiku lonse mpaka msana kuwawa, mwapalasa kabaza m'zitunda za Tsangano, ndipo thukuta lonselo mukukalisinthanitsa ndi chinthu chimene simukufuna n'komwe kudziwa dzina lake. Makolo ankamwa kuti acheze. Inu mukumwa kuti musowe. Ankamwa kuti akumbukire akufa. Inu mukumwa kuti muiwale amoyo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wothira zachilendo sakanathira pakanapanda womuombera m'manja.

Boma linayesapo mbali yake. Zambia inaletsa timasacheti totchedwa tujilijili mu 2012, Malawi inaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 tinakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Masacheti atachoka kunabwera timabotolo tapulasitiki, ndipo mgolo wa kuseri kwa nyumba sunamve n'komwe kuti kwatuluka lamulo. A Malawi Bureau of Standards angapime za m'mafakitale, koma sanganunkhize mgolo uliwonse kuyambira ku Biriwiri mpaka kumalire a Neno. Ndipo m'dera limene munthu amawoloka msewu pa Lizulu n'kupezeka ali m'dziko lina, lamulo la papepala limathera pa phula. Chimene chinkasunga mbiya kale sanali wapolisi. Chinali manyazi, chinali kuopa Mulungu ndi mizimu, chinali diso la mnansi amene sankaopa kunena. Manyazi aja anapita kuti? Diso lija linatsinzina liti? Mfumu imene imalandira botolo lake laulere pa mgolo uliwonse idzadzudzula ndi pakamwa pati? Mpingo umene umangotemberera mowa wonse pamodzi, osasiyanitsa chipanda cha pa dima ndi chiphe cha m'chigubu, n'kulandira chakhumi cha wogulitsa chiphecho osafunsa, ukuchiritsa ndani? Ndipo ife ophunzira, amene timamwa za m'mabotolo olembedwa bwino m'tauni n'kumaseka abale athu akudzandira m'mavidiyo a pa WhatsApp, tasiyana pati ndi onsewa?

Bayethe Inkosi ya Makosi Gomani, inu mafumu a kwa Mpando, inu nyakwawa za m'midzi ya Tsangano: mlandu uwu ndi wanu usanakhale wa apolisi. Itanani ofulula ndi otcheza onse pabwalo, aliyense anene poyera zimene amathira, ndipo wopezeka ndi fetereza, mapiritsi, mabatire kapena spiriti mgolo wake utayidwe anthu akuona, iye akaonekere kukhoti. Lamulani kuti chimanga chachuku chisalowenso m'mbiya, pamaliro kapena pamalonda. Alangizi a zaumoyo auze anthu m'misika kuti munthu amene akuona chifunga atamwa athamangitsidwe naye kuchipatala tsiku lomwelo, osati kwa sing'anga, osati kudikira kuti matsire atha. Ndipo inu amene mukuwerenga, ngati muli ndi mchimwene, mwana kapena mwamuna amene amamwa za m'chigubu chopanda dzina, musadikire tsiku lokagula nsalu ya bokosi. Pitani mukamulankhule lero.